Chokoka Mapazi cha ku Chankhwazi

Za damu la Chankhwazi mwina munazimvapo, koma munazimva kwa anthu amene sanaviikemo ngakhale chala. Sendererani kuno, ndikuuzeni za munthu amene analowamo n'kutulukamo.

Dzina lake anali Esinala Nankhoma. Kwawo kunali m'mbali mwa mtsinje wa Bua, kumene atsikana amadziwa kusambira asanadziwe kusinja. Ku Chankhwazi anabwera chitengwa, atakwatiwa ndi Gelesomo, mwamuna wamtali wosayankhulayankhula, amene ankayang'anira pampu ya sola yokoka madzi a m'damu kupita kumadimba a mabanja makumi atatu. Pampuyo inali m'kanyumba ka njerwa m'mphepete mwa madzi. Paipi yake inkatsetsereka pansi pa damu mpaka pakati penipeni, pamene panali sefa, ndipo pamwamba pa sefayo pankayandama dilamu yabuluu yosonyeza malo. Sefa ikatsekeka ndi ndere, Gelesomo ankavula malaya, kusambira mpaka padilamu, kumira n'kukaipala ndi manja. Amuna ena onse a m'mudzimo madzi awo ankalekeza m'chiuno.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, Gelesomo anachokera kudimba thukuta lili kamukamu n'kulowa m'damu monga mwa masiku onse. Amene anali pamtunda anamuona akufika padilamu, akumira, akuvuuka. Kenako anakuwa mawu awiri okha, akuti "phazi langa," n'kukweza dzanja limodzi. Madzi anamutseka. Anamupeza patatha masiku awiri, phazi lake lakumanja litapindika, zala zitafumbatana ngati pali chimene chinazigwira osafuna kuzisiya.

Tsiku limenelo Esinala anali kuchigayo. Munthu yekhayo amene akanatha kusambira n'kukamufika anali pamzere ndi dengu la mphale. Apongozi ake, a Nambewe, sanamunenepo kanthu pa zimenezi, ndipo kusanenako n'kumene kunkapweteka. Maliro atatha sanamusudzule, sanamuuzenso kuti akhale. Ankangopatsana moni wa m'mawa, aliyense n'kuyang'ana kwake.

Kuyambira pamenepo anthu anati m'damu muli chokoka mapazi. Amayi anasiya kuchapirako. Ng'ombe ankazimwetsa m'mabeseni, kutali ndi gombe. Pampu anaisiyira Binwelo, amene ankadziwa kuyatsa ndi kuzimitsa basi, ndipo ankatero maso ali kukhomo. Chodabwitsa chinali chakuti zaka ziwiri zinatha sefa osatsekeka ngakhale kamodzi, pamene kale inkafuna kupalidwa mwezi ndi mwezi. Ena ankati ndi mwayi. Ena ankatsitsa mawu n'kunena kuti mwina mwini ntchito akuipalabe.

Chaka chachitatu, mu Julaye, madzi a m'mipope anayamba kufooka. Poyamba ankatuluka ngati mkono wa munthu, kenako ngati chala, kenako pampu inkangolira n'kumalavula mpweya. Tomato anali atangoyamba maluwa. Anyezi anagona. Ndipo m'masiku omwewo tinthu tina tinayamba kuoneka.

Binwelo atatsekula kanyumba m'mawa wina, anapeza mapazi onyowa pasimenti. Loko anali wotseka, kiyi anagona naye m'thumba. Phazi lakumanzere linadinda lonse, zala zisanu zooneka bwino, koma lakumanja linangodinda chidendene ndi m'mbali mwake. Mapaziwo anachokera kukhomo, kuzungulira pampu, n'kuthera pakhoma pamene pankakolekedwa chingwe cha Gelesomo. Chingwecho panalibe. Msomali wokha unali kudontha.

Kenako paipi inayamba kugogoda. Sinkagogoda usiku ayi, koma masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale nkhuku zimakhala chete. Go, go, go, kenako zii. Ukaika khutu papaipi unkamva kuti kugogodako kukuchokera kutali, pansi pa madzi. Amayi awiri ochokera kumsika anati anaona mwamuna wamtali ataima m'mbali mwa njira yodutsa kudamu, atawafulatira, phazi limodzi atalikweza ngati kakowa. Anamupatsa moni, sanayankhe. Atapitirira n'kucheuka, anangoona dothi lonyowa pamene anaimapo.

Esinala ankamva zonsezi, koma nayenso anali ndi zake. Pansi pa sutikesi anasunga kabudula amene mwamuna wake ankasambira naye. Lachitatu lina akufuna chitenje, dzanja lake linakhudza chinthu chozizira. Kabudulayo anali wonyowa, akununkha ndere. Zovala zonse za pamwamba pake zinali zouma. Anamuyanika kuseri kwa bafa kuti anthu asaone. Mumtima ankati mwamuna wake wabwera kudzamufunsa kumene anali tsiku lija.

Komiti ya madimba inakhala pansi kawiri. Ena anati alumikize nsungwi kuti akakolokose sefa, koma nsungwi zinkapindika zisanafike ngakhale theka la mtunda. Bwato kuderalo kunalibe. Anaitanitsa mnyamata wa kuboma wodziwa kusambira, amene anabwera panjinga yamoto, nayang'ana dilamu, namva nkhani ya mapazi, n'kukumbukira kuti amayi ake akudwala. Anthu anayamba kutunga ndi ndowa kuchitsime, koma chitsime chimodzi sichingamwetse madimba makumi atatu. Maluwa a tomato anayamba kuyoyoka.

Loweruka m'mawa Esinala anaima m'dimba lake n'kuyang'ana mizere imene analima yekha. Kenako anasiya khasu n'kupita kwa a Zakeyu Kamphinda.

A Kamphinda anali msilikali wakale, mwendo umodzi wouma chifukwa cha sitiroko, ndipo ankasoka nsapato pakhonde pawo. Anali munthu yekhayo amene sanavomerepo kuti m'damu muli chokoka mapazi. Esinala anagwada m'mbali mwa khonde n'kuwauza kuti akufuna kukalowa, koma akufuna adziwe kaye chimene chinagwira mwamuna wake.

Mkuluyo anaika pansi nsapato. Anati kuusilikali ankawoloka mitsinje m'chisanu, ndipo anaonapo amuna amphamvu ngati ng'ombe akulira ngati ana pakati pa madzi, popanda chowagwira. Mtsempha wa phazi umakokana wokha, makamaka munthu akatopa, akatuluka thukuta lambiri osamwa madzi, kenako n'kulowa mozizira. Gelesomo tsiku lija analima kuyambira mbandakucha, m'mimba mulibe kanthu.

"Kukokanako sikupha, mwana wanga," anatero. "Chimapha ndi mantha. Munthu amayamba kumenyana ndi madzi, ndipo madzi sagonja. Kukakugwira, usaponde. Gona chagada, mpweya udzaze m'chifuwa, madzi akunyamule. Ukatero gwira zala za phazilo, uzikokere kumsongolo, mwendo utawongoka. Zimapweteka ngati ukuthyola, koma usasiye mpaka mtsempha umasuke."

Anamuuza avule patapata n'kumuonetsa pomwepo, kawiri katatu, mpaka dzanja lake litazolowera. Anamuuzanso kuti mawa lake asagwire khasu, amwe madzi ambiri, adye phala ndi nthochi kukadali m'mawa, ayendeyende ndi kutikita miyendo asanalowe, ndipo atenge chigubu chopanda kanthu chotseka bwino choti azitsamira.

Esinala anathokoza. Ataimirira anafunsa kuti nanga mapazi a m'kanyumba aja, nanga kugogoda kuja. A Kamphinda anatolanso nsapato ija.

"Zimenezo kuusilikali sanatiphunzitse," anatero.

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi sanapite kwawo. Anatsikira kudamu, naima patali, ana atawagwira manja. A Kamphinda anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pachitsa. A Nambewe anaima kumbuyo kwa onse, atafunda chitenje mpaka kumutu. Usiku wa dzulo lake anali atatumiza mawu kudzera mwa mlongo wawo kuti mwana mmodzi wakwana, damu lisadye awiri, koma iwo eni sanabwere kudzanena.

Amuna analumikiza zingwe za mbuzi ndi za ng'ombe n'kumumanga nazo m'chiuno. Esinala anavala kabudula wa mwamuna wake mkati mwa siketi, ndipo pofika pamadzi siketiyo anaivula n'kupatsa mnzake. Panamveka kung'ung'udza. Madzi atamukhudza mapazi, kuzizira kwake kunakwera mpaka m'mano. Anadzithira pachifuwa ndi pakhosi monga ankachitira ku Bua, anakumbatira chigubu ndi mkono umodzi, n'kudziponya.

Thupi silinaiwale. Panali patatha zaka khumi ndi ziwiri osasambira, koma mikono inakumbuka yokha. Madzi anali obiriwira, olemera, osaoneka pansi. Mawu a anthu anatsalira m'mbuyo, ndipo chimene ankamva chinali kupuma kwake ndi kuphaphatika kwa madzi pachigubu. Dilamu inkakula pang'onopang'ono. Kutatsala mikono khumi yokha, chingwe chinamukoka m'chiuno. Chinali chitatha.

Anacheuka. Anthu pamtunda ankaoneka ang'onoang'ono, ena akukodola kuti abwerere. Anayang'ana dilamu. Kenako anamasula mfundo ndi zala zozizira, chingwe n'kumira ngati njoka.

Padilamu anapumira pang'ono. Pansi pake panali tcheni chotsikira kusefa, chokutidwa ndi ndere zoterera. Pamenepo anakumva kugogoda kuja, osati ndi makutu, koma m'dzanja limene linagwira tcheni. Go, go, go. Anapemphera mawu ochepa amene anamubwerera, anakoleka chigubu pakhosi pa dilamu, anakoka mpweya n'kumira.

Pansi kunali mdima wobiriwira. Anatsika akugwira tcheni, makutu akuwawa, mpaka dzanja linagunda sefa. Sizinali ndere zokha. Thumba la feteleza linali litayamwidwa n'kukuta sefa yonse ngati chipewa. Analikoka, silinasunthe. Anakwera kukapuma, anamiranso, nang'amba mbali imodzi. Ulendo wachitatu anaponda paipi ndi mapazi onse awiri, nagwira thumbalo ndi manja onse, n'kukoka ndi msana. Linachoka kamodzin'kamodzi, matope n'kufuka ngati utsi.

Anavuuka thumba lili m'manja, nalikweza kuti anthu aone. Apo m'pamene anazindikira kuti chigubu chasomphoka. Mphepo inali itachitenga, chikuyandama kutali chakumadzulo. Dilamu nayo inali itamutalikira, poti povuuka anapatuka. Anataya thumba n'kutambasula mwendo kuti aifike.

Phazi lakumanja linagwidwa.

Ululu wake unali ngati msomali wolowera kuphazi n'kutulukira m'katumba. Zala zinapindikira pansi zokha, mwendo wonse n'kuuma ngati mtengo. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, madzi n'kulowa. Zonse zimene a Kamphinda ananena zinathawa m'mutu mwake. Anayamba kupalasa ndi manja, kuponda ndi mwendo wotsalawo, ndipo pamene ankalimbana m'pamene madzi ankamukwera, pachibwano, pamphuno, pamaso. Anaona kuwala kwa dzuwa kukuchepa pamwamba pake, ndipo anaganiza kuti kodi ndi mmenemu zinalili, ndi pompano pamene mwamuna wake anafera.

Maganizo amenewo, m'malo momuopsa, anamukhazika mtima pansi. Anasiya kumenya. Anabweza mutu kumbuyo, natambasula manja, ndipo madzi anamukweza pang'onopang'ono mpaka nkhope inatuluka. Anatsokomola, nakoka mpweya, nagona chagada akuyang'ana mitambo. Kenako anapinda thupi kuti agwire zala za phazi. Dzanja linali lachita dzanzi ndi kuzizira. Linagwira n'kuterereka. Anayesanso, mutu unamira, linatererekanso. Mtsempha unkakokerabe, ndipo anamva katumba wa mwendo winawo akuyamba kunjenjemera.

Pamenepo chinthu chinamugwira chidendene.

Sizinali ndere, ndere amazidziwa. Zinali zala, zozizira kuposa madziwo, zokhakhala, ndipo zinagwira mosakayika. Esinala anatseka maso n'kudikira kukokedwa. Mtima wake unagunda kamodzi, kawiri. Koma dzanjalo silinakokere pansi. Linachirikiza chidendene, ndipo lina linabwera pansi pa zala zake zopindikazo n'kuyamba kuzikankhira kumsongolo, pang'onopang'ono, mwamphamvu, monga mmene munthu amawongolera waya wopindika. Ululu unakwera mpaka anaona nyenyezi masanasana. Kenako mtsempha unamasuka, ngati mfundo yonyowa ikalola.

Manjawo sanachoke msanga. Chala chimodzi chinatikita pakati pa phazi, kawiri, katatu. Kenako anamva kukankhidwa pang'ono pachidendene, kulozera kumtunda, ndipo pansi pake panalibenso kanthu koma madzi.

Sanayang'ane pansi. Mpaka lero amati akanatha kutero, madzi anali atayera pang'ono pamenepo, koma sanafune. Anasambira chagada, manja okha akugwira ntchito, miyendo ikungotsatira, misozi ikutsikira m'makutu. Atayandikira gombe anadabwa kumva madzi akuphulika pafupi naye. Anali Binwelo ndi amuna ena atatu, amene zaka ziwiri sanapondemo, atalowa mpaka m'chifuwa atagwirana manja. Anamunyamula n'kumuika paudzu, amayi n'kumufunditsa zitenje.

Wina anathamangira kukanyumba kukayatsa pampu. Inalira, inatsokomola, inalavula matope. Kenako kumtunda, kumadimba, kunamveka nthungululu.

A Kamphinda anafika akutsimphina n'kugwira phazi lake, nalitembenuza uku ndi uku. Anamufunsa ngati anachita zimene anamuuza. Esinala anati anagona chagada monga ananenera. Anafunsanso ngati anakoka zala. Esinala anatsitsira maso kuphazi lake. Mkuluyo anayang'ana chidendene chija, pamene khungu linali litayera m'timizere tinayi, kenako anayang'ana kudamu. Anakokera chitenje pansi n'kuphimba phazilo.

"Chachikulu watuluka," anatero.

Madzulo dzuwa lisanalowe, Esinala ali khale pamkeka pakhomo pake, anaona a Nambewe akubwera ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. Chiyambire maliro anali asanapondepo pakhomopo. Sanapereke moni wautali. Anakhala pansi, natenga mwendo wa mpongozi wawo n'kuuika pamiyendo pawo, n'kuyamba kuutikita kuyambira m'katumba kutsika. Anatikita nthawi yaitali. Atafika pachidendene manja awo anaima.

"Anali iyeyo?" anafunsa, maso ali paphazi.

Esinala anati sakudziwa. Anati sanaone nkhope, anangomva manja, ndipo anali manja okhakhala, a munthu wogwira khasu. Anawauza zonse, mmene anadikirira kukokedwa, mmene zala zake zinawongoledwera, ndi kukankhidwa kuja kolozera kumtunda. Ananenanso zimene anazisunga zaka ziwiri, kuti tsiku lija akanapanda kupita kuchigayo mwina mwana wawo akanakhala moyo.

A Nambewe anapukusa mutu. Anati tsiku limenelo mphale imene inapita kuchigayo inali yawo, ndipo anamutuma ndi iwo. Zaka ziwiri zonsezi ankalephera kumuyang'ana kumaso chifukwa cha chimenecho, osati chifukwa china. Analira onse awiri, mwakachetechete, phazi likadali m'manja mwa mayiyo. Pochoka anati mawa abweranso kudzatikita, ndipo kuti pakhomo pano ndi pake, asamaganize za ku Bua.

Tomato wa chaka chimenecho sanabereke ngati wa zaka zina, koma anabereka. Kanyumba ka pampu kankapezeka kouma m'mawa uliwonse, ndipo paipi inakhala chete. Za chimene chili m'damu anthu sanagwirizanepo. A Kamphinda anapitiriza kunena kuti ndi mtsempha basi, ngakhale kuti tsopano ankanena motsitsa mawu.

Kutayamba kutentha, mu Okutobala, amayi atatu anafika pakhomo pa Esinala aliyense atanyamula chigubu. Anati sikoyenera kuti mudzi wonse udalire munthu mmodzi, ndipo akufuna awaphunzitse. Sabata yotsatira anali asanu ndi awiri, kenako amuna nawo anabwera, mwamanyazi, tsiku lawolawo. Asanawalole kunyowetsa ngakhale bondo, ankawakhazika paudzu mwendo utawongoka, aliyense akukokera zala zake kumsongolo mpaka dzanja lizolowere. M'madzi chinthu choyamba kuphunzira sichinali kupalasa, koma kugona chagada osachita kanthu, chimene kwa anthu olima chinali chovuta kuposa zonse.

Sefa amaipala mwezi ndi mwezi tsopano, ndipo sapita mmodzi. Koma amene anapitapo ndi Esinala amanena chinthu chimodzi. Akafika pamphepete, madzi asanamukhudze, amaima n'kunena chapansipansi kuti, "Odi." Akatero amadikira pang'ono, ngati mmene munthu amachitira pakhomo pa anthu amene akuwadziwa, kenako n'kulowa.